Ma Area a ku Lilongwe, kuyankha alamu

Alamu, mwaswera? Ndamva funso lanu lija, loti bwanji munatsika ku Area 24 n'kumafunsa njira yapansi yopita ku Area 25. Aaa pepani, ndaseka ndekha kuno! 24 ndi ku Ngwenya, kummwera uko, pomwe 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Manambalawo satsata malo ayi, musamawerenge ngati manambala a nyumba.

Mzinda uno anachita kuujambula papepala kaye. A Kamuzu atafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, anakhazikitsa bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation (CCDC) mu 1968, ndalama ndi akatswiri ena ojambula pulani n'kuchokera ku South Africa, likulu n'kudzasamuka mu 1975. Ankafuna mzinda wotakasuka, wamitengo, osati wothithikana. N'chifukwa chake kuchoka ku Old Town kupita ku Capital Hill mumadutsa tchire, ngati mwatuluka m'tauni.

Tsono chimene mwaona kuti nyumba za ku Area 10 sizifanana ndi zathu, si ngozi. Anthu anawagawa potengera thumba. Ku 10, ku 12, ku 43, mapoloti ndi aakulu, nyumba ili pakati, kapinga kutsogolo, kumbuyo kanyumba ka wantchito. Msewu wake zii, simukumana ndi munthu woyenda pansi kupatula alonda. Ku 18 ndi za pakatikati, zambiri za a Malawi Housing Corporation, zomangidwa mofanana ngati mapasa, moti mlendo usiku amagogoda pakhomo la eni. Ndiye kuli kwathu kuno, ku Kawale, ku Chilinde, ku 25, komwe ankangokupatsa poloti, iwe n'kumanga wekha mmene wathera, kaya ndi zidina kaya njerwa zootcha. Lero poloti imodzi ili ndi mabanja asanu, landilodi wamanga mpaka pamene panali dimba.

Chimandinyansa ine n'choti wosauka ndi amene anamuika kutali ndi ntchito. Wa galimoto ali pafupi ndi Capital Hill, wa minibasi akwere ziwiri.

Zogula poloti mwanenazo, musathamangire yotchipa ya kunja kwa mzinda musanaone ngati msewu ndi madzi zafika, komanso mapepala ake. Loweruka ndili pakhomo, mubwere tikazungulire limodzi. Koma ulendo uno mukwere yolembedwa 25, eti!