Za opaleshoni ya m'mapapo ya bambo anu

Achemwali pepani kwambiri ndi zomwe mukudutsamo. Mwati bambo analandira chithandizo cha khansa ya pakhosi zaka ziwiri zapitazo, pano sikani yaonetsa kachotupa kamodzi m'phapo, adokotala akuti akachotse koma achibale akukaniza ati khansa ukaigunda ndi mpeni imafalikira. Ine ndikuti musakane chifukwa cha mantha amenewo chonde. Khansa ya m'kamwa kapena pakhosi ikamafalikira kutali nthawi zambiri imayamba kufika m'mapapomo, ndipo madokotala sangotengera aliyense ku fiyeta ayi, amachita opaleshoniyi akaona kuti pakhosi paja matenda sanabwerere, kwina konse m'thupi kulibe, chotupacho chitha kuchoka chonse komanso mapapo otsalawo akwanitsa ntchito. Ndiye ngati awauza zimenezo ndiye kuti akuona mwayi. Kukhala kamodzi kokha komanso kutulukira patapita nthawi chonchi, zimenezo zimapatsa chiyembekezo.

Koma musanasaine afunseni, kodi mwatsimikiza kuti ndi khansa yomwe ija? Funso limeneli ndi lalikulu zedi makamaka ngati bambo ankasuta, chifukwa kachotupa kamodzi katha kukhala khansa ina yatsopano yoyambira m'phapo momwemo, apo amadula gawo lalikulupo, mwinanso ndi chipsera cha TB chabe. Funsaninso za PET-CT, sikani yoona ngati khansa ili kwina m'thupi, ndi kuyeza mphamvu ya mapapo kuja amawapumitsa mu kachubu.

Ambiri masiku ano amawapanga ya VATS, timabala ting'onoting'ono m'nthiti ndi kamera, amangodula kachidutswa. Malume anga nditawaona atatuluka ku fiyeta ndinadzidzimuka ndi paipi yotuluka m'nthiti kupita mu botolo pansi pa bedi, koma ija ndi yochotsa mpweya ndi madzi basi, patatha masiku ochepa anaichotsa. Chowavuta kwambiri chinali kutsokomola, ankakumbatira pilo pachifuwa kuti ululu uchepe, koma kutsokomolako ndi kuyenda msanga ndi zomwe zimateteza chibayo.

China musaiwale, ngati anawotchedwa ndi radiotherapy pakhosi muwauze a dokotala ogonetsa aja, khosi limauma kukamwa osatseguka bwino ndiye kulowetsa paipi yopumira kumavuta, amafunika akonzekeretu. Ngati amatsamwa akamamwa madzi nenaninso.

Thupi likakhala lofooka moti opaleshoni siingatheke funsani za SBRT, kuwotcha kachotupako kokha. Fodya ngati akadasuta asiye lero lomwe, ndipo tsiku lokaonana ndi adokotala mupite nawo achibale akukanizawo akamve okha.