Mapulani a bolodi yanga ndiwaike poyera kapena ndibise?

Achimwene ena andilembera imelo. Anapanga kachipangizo koyeza madzi m'thanki n'kuzimitsa pampu ikadzaza, anayambira pa Arduino (kabolodi kogula kale kamene umakalembera pulogalamu yoyendetsa zipangizo), ndipo tsopano akufuna kujambula bolodi ya zamagetsi yawoyawo kuti azigulitsa. Akufunsa ngati n'kwanzeru kuika mapulani ake pa intaneti monga amachitira a open hardware (opanga zipangizo amene amatulutsa mapulani awo poyera), kapena abise kuti ena asawabere nzeru.

Achimwene, mwandikanda poyabwa. Chaka china, mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo, ndinaitanidwa kumunda wina wothirira komwe kabokosi koyendetsa pampu ya sola kanangoti zii. Tomato anali atayamba kale kufota. Nditamasula masikuluwu ndinapeza bolodi yonse ataikutira ndi utomoni wakuda wolimba gwa. Ndinapala pang'onopang'ono ndi mpeni mpaka kufika pa chip, kaubongo ka bolodiyo, koma manambala ake anali atafufutidwa dala. Fungo la chinthu chopsa linkachokera pakona imodzi, ndipo mtima unkandiuza kuti chafa ndi kanthu kakang'ono kotsitsa mphamvu ya magetsi, kotchipa kuposa mafuta amene ndinawotcha popita kumeneko. Koma ungasinthe bwanji chinthu chomwe sukuchidziwa dzina? Amene anagulitsa bokosilo anati kukonza sakonza, tigule latsopano, ndipo latsopanolo lidikire ndalama zakunja zipezeke. Mwini munda analemba aganyu otunga madzi ndi ndowa, mapanelo a sola ali pomwepo akungowala.

Tengani bolodi ya Arduino Uno R3 muione. Chip chake, ATmega328P, pa bolodi zambiri chimangokhala pa soketi. Chikapsa mumachizula n'kuikapo china. Chojambula cha mawaya onse chili pa intaneti, aliyense atha kutsatira kuti magetsi akulowera pati, akuthera pati. Anthu amene anaiyambitsa ku Ivrea, m'dziko la Italy, mu 2005, Massimo Banzi ndi anzake, ankapangira ophunzira a pasukulu ya ukachenjede, ndipo mapulani anawatulutsa poyera. Chomwe anasunga ndi dzina lokha lakuti Arduino. Mafakitale a ku China anakopera, n'kuikapo kachip kotchipa ka USB kotchedwa CH340, mtengo n'kutsika kwambiri. Tisanamizane: ambirife bolodi yoyamba imene tinaigwira inali yokopera yomweyo. Inunso ndikukhulupirira munaphunzirira pa yotero. Ndiye lero mukuopa kuti wina akoperani?

Poyamba ndimafuna kukuyankhani kuti zimatengera, koma ayi. Kubisa mapulani a chipangizo choyezera madzi m'thanki n'kutaya nthawi. Munthu wodziwa ntchito, atakhala ndi multimeter (choyezera magetsi) ndi tsiku limodzi, ajambula bolodi yanu yonse. Amene mukumutsekera pakhomo si wakuba, ndi mnyamata wokonza mafoni wa pamsika amene akanathandiza kasitomala wanu inu muli kutali. Kapangidwe ka mandasi aliyense amakadziwa, komabe pamsika pamakhala mayi mmodzi amene ake amatha dzuwa lisanakwere. Ndalama yanu ili pa kukaika chipangizocho, kuyankha foni chikavuta, ndi kudziwa kuti sensa iti imapirira madzi amchere a pa mjigo.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Chomwe chili poyera ndi bolodi, osati chip. ATmega ija ndi ya kampani ya Microchip, ndipo za m'kati mwake ndi chinsinsi chawo. ESP32, chip cha kampani ya Espressif chimene tonse timachikonda chifukwa cha Wi-Fi, gawo la pulogalamu loyendetsa wailesiyo amalipereka lotsekedwa. Kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi anthu amakaika m'gulu la open hardware, koma si choncho. Chip chake chachikulu ndi cha kampani ya Broadcom ndipo mapulani onse opangira bolodiyo sanatulutsidwe. Ngakhale RISC-V, njira yopangira mapurosesa (ubongo wa kompyuta) imene inayambira ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 2010, chotseguka ndi malangizo amene purosesa imamva. Kampani itha kupanga chip cha RISC-V n'kubisa zonse za m'kati. Mu 2021, machip atasowa padziko lonse, amene anali ndi mapulani otseguka anasowa zida chimodzimodzi ndi amene anabisa. Kusiyana kwake kunali kwakuti wa mapulani otseguka ankatha kujambulanso bolodi n'kuikapo chip china chomwe chapezeka.

Chinanso chimandinyansa: mapulani ambiri a pa intaneti anajambulidwa ndi munthu amene anawayesera patebulo, m'nyumba yomwe magetsi sagwedezeka. Sanaganizire za magetsi obwera mwamphamvu akazima n'kuyakanso, za mphezi, za kutentha kwa ku Chikwawa, kapena za nyerere zomanga chisa m'bokosi. Zikapsa palibe woti mum'dandaulire, laisensi imanena poyera kuti palibe chitsimikizo chilichonse. Kasitomala adzabwera kwa inu, osati kwa mlendo wa pa GitHub, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amaikapo mapulani awo.

Za malaisensi

Apa ndi pomwe ambiri amagona. Mapulani a Arduino ali pa laisensi ya Creative Commons imene imati ukasintha n'kufalitsa, utchule eni ake ndipo zakonso zikhale pa laisensi yomweyo. Ndiye ngati bolodi yanu mwaijambula posintha mafayilo awo, onani kaye zimenezo musanaganize zobisa. CERN, malo ofufuzira za sayansi a ku Geneva aja, inalemba laisensi yakeyake ya zipangizo mu 2011, ndipo ya 2020 ili m'mitundu itatu: S yokakamiza wosintha kutulutsa zonse, W yofewerako, ndi P yolola munthu kuchita nazo zomwe akufuna. A CERN omwewo anathandizanso kukonza KiCad, pulogalamu yaulere yojambulira mabolodi, imene yatipulumutsa ambiri ku mapulogalamu olipira ndi madola.

Ndiye chitani izi: jambulani mu KiCad, sankhani zida zomwe mungazipeze kwa ogulitsa angapo, ikani fyuzi ndi chotetezera ku magetsi amphamvu polowera, tulutsani mapulani pa laisensi ya CERN ya mtundu wa S ija (CERN-OHL-S) ngati simunasinthe mafayilo a Arduino, koma dzina la chipangizo chanu mulembetse likhale lanu. Ngati mudzaikamo GSM (netiweki ya foni) kapena Wi-Fi, kafunseni ku MACRA za chilolezo musanayambe kugulitsa. Ndipo utomoni wakuda uja musauyandikire.