Mapepala ofunika musanagule rigi ya kapenta ku Kariba

Bambo wina wa ku Chilenje, amene wangopuma pantchito, wanditumizira funso pa imelo. Akufuna kuika gawo la ndalama zake za penshoni pa rigi (chombo chokhala ndi nyali ndi ukonde) yophera kapenta ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, ndipo wogulitsa wawatsimikizira kuti mapepala onse alipo. Bamboyo akufunsa kuti mapepalawo ndi ati kwenikweni, nanga boma limafuna malipoti otani kwa mwini rigi amene akukhala kuno ku Lusaka.

Bambo, musapereke ngakhale ngwee imodzi musanapite ndi wogulitsayo ku ofesi ya za nsomba ku Siavonga. Usodzi wamalonda m'dziko muno umayendetsedwa ndi lamulo la Fisheries Act la 2011, ndipo amene amapereka laisensi ndi Dipatimenti ya za Nsomba, yomwe likulu lake lili ku Chilanga, pamsewu wopita ku Kafue. Laisensi imalembedwa m'dzina la munthu kapena la kampani, imatchula chombo chake ndi dera lopherako nsomba, ndipo imakonzedwanso chaka ndi chaka. Choncho musaganize kuti mukagula zitsulo, injini, nyali ndi ukonde ndiye kuti mwagulanso chilolezo. Funsani a ofesi, wogulitsa ali pomwepo, ngati avomereza kuti dzina lisinthidwe, ngati palibe ngongole ya zaka zam'mbuyo, komanso ngati nambala yolembedwa pa rigi ikufanana ndi ya papepala.

Pali chifukwa chimene a ofesiwa amaumira nayo nkhaniyi. Kapenta si wobadwira m'Kariba. Adamutenga ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968. Mu 1999 Zambia ndi Zimbabwe zidagwirizana kuti marigi panyanja yonse akhale pafupifupi 500, magawo 55 pa 100 alionse akhale a Zimbabwe ndipo 45 a Zambia. Chiwerengerocho chidapitiriridwa kalekale, ndipo nsomba zimene rigi imodzi imapha pa usiku zidatsika. Laisensi yatsopano siipezeka mwachisawawa, n'chifukwa chake rigi yotchipa modabwitsa iyenera kukukayikitsani.

Mapepala ena ndi omwe aja a bizinesi iliyonse: kulembetsa ku PACRA (ofesi yolembetsa mabizinesi), TPIN (nambala ya msonkho) ya ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndi kulembetsa antchito anu ku NAPSA (za penshoni) ndi ku Workers' Compensation (za chipukutamisozi cha ovulala pantchito). Chombo chenichenicho chimayenderedwa ndi a Maritime and Inland Waterways, omwe amaona ngati chili choyenera kuyenda pamadzi. Zimenezi musazinyozere, pakuti anyamata anu azigwira ntchito usiku, pamadzi akuya, nthawi zina kuli mphepo.

Koma pamene eni marigi ambiri amagwera m'mavuto ndi pa malipoti. Mwini laisensi ya kapenta amayenera kupereka lipoti la mwezi ndi mwezi losonyeza masiku amene rigi idapita panyanja ndi makilogalamu amene idapha. Fomu yake si yovuta, vuto limakhala kumene manambalawo akuchokera. Rigi imakocheza m'bandakucha, kapenta ali m'makreti, ndipo pakangopita kanthawi amakhala atamwazidwa pamathandala kuti aume. Ngati panalibe munthu woima pa sikelo ndi buku pa nthawi imeneyo, kulemera kwa nsomba zaziwisi sikudzadziwikanso, popeza kapenta akauma amatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Pakutha pa mwezi kapitawo amangolemba zam'mutu, inu n'kusaina muli ku Chilenje.

Langizo langa ndi lakuti rigi iliyonse ikhale ndi buku lake lachikuto cholimba. Tsiku lililonse mulembedwe deti, malo amene anaphera, makilogalamu a nsomba zaziwisi, makilogalamu zitauma ndi malita a dizilo, kenako kapitawo ajambule tsambalo ndi foni n'kukutumizirani pa WhatsApp m'mawa womwewo. Usiku umene rigi sidapite, kaya injini idafa kaya ndi masiku opuma pamene mwezi ukuwala kwambiri, ulembedwenso ndi chifukwa chake. Bukuli limakutetezaninso inuyo: ndi nkhani yodziwika ku Kariba kuti antchito ena amagulitsa kapenta pakati pa nyanja usiku asanafike kumtunda, ndipo mwini wake amazindikira pokhapokha akayerekeza dizilo amene wapita ndi nsomba zimene zabwera.

Ena adzakunong'onezani kuti muzichepetsa manambala poopa msonkho. Ine sindivomereza. Manambala amenewa ndiwo amene boma limagwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati nyanja ikupirira, ndipo mukadzafuna ngongole ku banki, malipoti odindidwa ndiwo umboni wa zimene rigi yanu imapha. Pa fomu iliyonse imene mwapereka, sungani kope lokhala ndi chidindo cha ofesi, chifukwa pokonzanso laisensi angakufunseni za miyezi imene simudapereke lipoti.

Chotsala ndi ulendo wobweretsa katundu kuno. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi m'madera monga Kafue, Lukanga, Bangweulu ndi Mweru-Luapula kuti nsomba ziswane. Kariba satsekedwa pa nthawiyi, koma pa marodibuloko wapolisi kapena wa za nsomba sangadziwe kumene thumba lachokera pongoliyang'ana. Muyenera kukhala ndi satifiketi yosonyeza kochokera nsombazo, imene imatengedwa ku ofesi ya za nsomba musananyamuke, pamodzi ndi risiti ya levi ya khonsolo. Onetsetsani kuti chiwerengero cha matumba cholembedwa papepala ndi chomwecho chili pagalimoto, apo ayi katundu angalandidwe asanafike pa msika wa Soweto.