Kodi Zithunzi za Pafoni Zingakhale Umboni Kukhothi?

FUNSO: Akonzi, ndine mlimi wa kwa Santhe m'boma la Kasungu. M'mwezi wa Febuluwale ng'ombe za mnansi wanga zinalowa m'munda mwanga n'kudya chimanga chomwe chinali chitayamba kumasula ngayaye. Ndinazijambula ndi foni yanga, koma poti kunali kachisisira, ndinatumiza zithunzizo kwa mdzukulu wanga, yemwe anaziwalitsa ndi kuzidula m'mbali kuti ng'ombezo zioneke bwino, kenako n'kundibwezera pa WhatsApp. Kwa amfumu nkhaniyi inakanika chifukwa mwini ng'ombe akuti zithunzizo n'zochita kupanga. Kodi bwalo la majisitireti lingazilandire?

YANKHO: Pepani kwambiri bambo, chifukwa chimanga chikafika pomasula ngayaye ndiye kuti feteleza ndi thukuta lanu zinali zitalowa kale m'nthaka. Dziwani kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka cha 2016 limalola kuti zinthu zosungidwa pafoni kapena pakompyuta ziperekedwe ngati umboni m'makhothi a dziko lino. Komabe, bwalo likalandira chithunzi sikuti lachikhulupirira kale, pakuti woweruza amayamba wafuna kudziwa amene anachijambula, mmene chinasungidwira, ndiponso ngati wina anachisinthako chisanafike pamaso pake.

N'chifukwa chake chinthu chofunika kwambiri pa mlandu wanu ndi zithunzi zoyambirira, zija zamdima zomwe zili m'foni yanu, ngakhale kuti n'zosasangalatsa kuziona. Foni ikajambula, imasunga mkati mwa chithunzicho zinthu zosaoneka ndi maso zomwe akatswiri amazitcha EXIF: tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ndiponso malo ngati GPS, chida cha m'foni chodziwira malo, inali yoyatsa. Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, chimachepetsedwa ndipo zambiri mwa zinthu zimenezi zimachotsedwa, moti chomwe mdzukulu wanu anakubwezerani sichingathenso kudzichitira umboni kuti chinajambulidwa liti komanso kuti. Choncho musafufute kalikonse m'fonimo, musaigulitse, ndipo musaisiye kwa okonza mafoni pamsika mlandu usanathe. Ngati pakufunika kutumiza chithunzi kwa loya, chitumizeni pa WhatsApp posankha polembedwa kuti Document, chifukwa njira imeneyi imachisiya mmene chilili.

Mdzukulu wanu sanalakwitse powalitsa zithunzizo, popeza kuwalitsa sikuonjezera ng'ombe yomwe kunalibe. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi kudula m'mbali kuja. Mwina m'mbali momwemo ndi momwe munali mtengo, chulu kapena chigafa cha fodya chosonyeza kuti mundawo ndi wanudi, ndipo popanda zimenezo mnansi wanu angathe kunena kuti ng'ombezo zinali m'munda wa munthu wina. Mukafika kukhothi, perekani zithunzi zoyambirira pamodzi ndi zokonzedwazo, ndipo mufotokoze nokha, musanafunsidwe, zomwe mnyamatayo anachita ndi chifukwa chake. Ngati n'kotheka iyenso akhalepo kuti adzayankhe ndi pakamwa pake. Ambiri tikukumbukira chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pomwe khothi linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo china mwa zifukwa zake chinali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi. Oweruza amakayikira chinthu chosinthidwa chikabwera popanda kufotokoza komveka.

Musadalire zithunzi zokha. Wotchi ya foni imatha kusokonekera, ndipo masiku ano kuli mapulogalamu otha kupanga chithunzi cha chinthu chomwe sichinachitike n'komwe, kotero mawu a mnansi wanu, ngakhale akukupwetekani mtima, woweruza sangawataye osawaganizira. Inuyo mudzalumbira kuti munajambula nokha ndipo zomwe zikuoneka ndi zomwe munaona. Pezani anthu amene anaona ng'ombezo zikutulutsidwa m'mundamo kapena amene amazidziwa maonekedwe ake, ndipo pemphani alangizi a zaulimi a m'dera lanu kuti akayendere mundawo ndi kulemba kukula kwa malo owonongedwa, chifukwa chithunzi sichinena kuti mwataya matumba angati. Ngati ndalama zolipira loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lomwe limathandiza anthu ochepekedwa pa milandu, ndipo popita kumeneko mutenge foni yomwe munajambulira ija.