Wotsogolera phwando amalandira zingati? Yankho langa kwa mchemwali amene anandilembera

Imelo yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, koma sindinathe kuyankha nthawi yomweyo chifukwa inandigunda pachilonda. Mwati anthu ayamba kukuitanani kuti muzitsogolera maphwando awo, ena a tsiku lobadwa, ena a ukwati, ena a kuntchito, ndipo mukufuna kudziwa kuti MC, ndiye kuti wotsogolera phwando, amalandira zingati komanso chimene chimakweza kapena kutsitsa malipirowo. Kumapeto munaikako mawu ochepa akuti, "Ine ndimachita manyazi kutchula mtengo." Achemwali, mawu amenewo ndi amene andilembetsa zonsezi, chifukwa manyazi omwewo anandidyera zaka zanga zoyambirira pa ntchito imeneyi.

Ndiloleni ndiyambe ndi tsiku limene sindidzaiwala. Mnzanga wina anandipempha kuti nditsogolere phwando la mayi ake amene amakwanitsa zaka 60. Anati, "Iwe pakamwa pako m'pokoma, udzatithandize, tidzakuona." Ine ndinavomera ndi mtima wonse, osafunsa kuti kundionako kudzakhala kotani. Tinakumana katatu kukonza pulogalamu. Ndinakhala mausiku awiri ndikuloweza mayina a alendo olemekezeka, ndani ayankhule poyamba, ndani asatchulidwe pafupi ndi mnzake chifukwa anayambana kalekale. Tsikulo ndinafika 9 koloko m'mawa, alendo asanabwere, kuti ndiyese maikolofoni. Inali yovuta, imadula mawu pakati, choncho theka la tsikulo ndinayankhula mokuwa kuti a kumbuyo amve. Phwando limene linayenera kutha 6 koloko madzulo linatha cha m'ma 11 usiku. Pamene mwana wina anagwetsa keke yaing'ono ya pambali, ndine ndinaseketsa anthu kuti asaone. Pamene amalume ena anakana kusiya maikolofoni atayankhula mphindi 25, ndine ndinawachotsa mwaulemu, iwo n'kukhala pansi akumwetulira.

Zonse zitatha ndinaima panja, nsapato zili m'manja chifukwa mapazi anali atatupa, pepala la pulogalamu litanyowa ndi thukuta m'thumba la jekete. Pafupi nane DJ ankawerenga ndalama zake zotsala powunikira ndi foni. Wojambula zithunzi anali atalandira kale zake sabata yathayo. Wokongoletsa holo chimodzimodzi. Mnzanga uja anabwera, anandikumbatira, nati, "Wagwira ntchito, m'bale wanga, mawa ndikuimbira." Mawa lakelo silinafike mpaka lero. Mawu anga anaphwa kwa masiku atatu, ndipo ntchito ina imene ndinali nayo Lolemba ndinaiphonya.

Sindinamusungire chakukhosi, ndipo tikakumana timapatsana moni bwinobwino. Koma usiku umenewo ndinamvetsa chinthu chimodzi: onse amene analipidwa anali ndi chinthu chogwirika. DJ anali ndi masipika, wojambula anali ndi kamera, wokongoletsa anali ndi nsalu ndi maluwa. Ine ndinabwera ndi pakamwa ndi mutu basi, ndipo kwa anthu ambiri kuyankhula si ntchito. Amaganiza kuti munabadwa choncho, ndiye palibe chimene mwataya. Komatu phwando limaima kapena kugwa chifukwa cha amene wagwira maikolofoni. Nyimbo zikhoza kukhala zabwino, holo yowala, koma wotsogolera akasokoneza dzina la mwini phwando kapena akalola zolankhula zitalike mpaka anthu kuyamba kutuluka, chimene alendo adzakumbukire n'chomwecho.

Ndiye ndinene mosapsatira: amene akufuna kuti mumutsogolere phwando koma sakufuna kumva mtengo, sakukulemekezani. Kale ndinkati mwina sadziwa, mwina bajeti yawathina. Pano sindikhulupiriranso zimenezo. Munthu amene wapeza ndalama ya holo, ya zakumwa ndi ya zovala zatsopano sanaiwale za inu, wangosankha kuti inuyo ndi amene mungadikire. Ndipo amasankha inu chifukwa waona manyazi amene mwatchula aja.

Musanafike pa funso la zingati, dziwani kuti ntchito imene timaitchula ndi dzina limodziyi ili pamitundu ingapo, ndipo malipiro ake sayenda mofanana. Alipo olembedwa ntchito pamalo osewerera ana kapena m'malo odyera amene amachititsa maphwando a tsiku lobadwa. Amenewa amalandira alendo, kutsogolera masewera, kuyatsa makandulo, kenako kupukuta matebulo gulu lina lisanalowe. Amalipidwa pa ola kapena pa shifiti, ndipo kawirikawiri malipiro awo amakhala pafupi ndi malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola, kwinako amadalira kangachepe kamene makolo angawapatse pothokoza. Kudalira kangachepeko kuli ndi msampha wake. Ku America, mwachitsanzo, lamulo la boma lalikulu linaika malipiro otsikitsitsa pa $7.25 pa ola kuyambira mu 2009, koma limalola bwana kulipira $2.13 yokha pa ola kwa wantchito wolandira ndalama zothokoza kuchokera kwa makasitomala, bola zonse pamodzi zifike pa $7.25 paja. Chiwerengero cha $2.13 chimenechi sichinasinthe kuchokera mu 1991, ngakhale madera ambiri a dzikolo anaika malamulo awoawo okweza. Ndikutchula zimenezi kuti muone mmene mawu akuti "alendo adzakupatsani kenakake" amagwiritsidwira ntchito kuchotsa udindo pa amene wakulembani.

Palinso mtundu wina umene unandisokoneza mutu nditangoumva koyamba: kuchititsa phwando panyumba panu kuti kampani igulitsirepo katundu wake. Njira imeneyi inatchuka ndi Tupperware, kampani ya makontena apulasitiki imene anayambitsa Earl Tupper. Mayi wina dzina lake Brownie Wise ndi amene anaonetsa kuti makontenawo amagulika kwambiri mayi akaitana anzake kunyumba n'kuwaonetsa mmene chivindikiro chimatsekera, mpaka mu 1951 kampaniyo inachotsa katundu wake m'masitolo n'kudalira maphwando okhawo. Mwini nyumba pamenepa salandira malipiro, amapatsidwa mphatso kapena kuchotseredwa mtengo malinga ndi zimene anzake agula. Wasesa, waphika, waitana anthu ndi dzina lake, koma chobwerera ndi katundu. Tupperware yomweyo inakalengeza kukhoti mu September 2024 kuti yalephera kubweza ngongole zake. Wina akadzakuuzani kuti "chititsani phwando, mudzapeza phindu", funsani msanga ngati phindulo ndi ndalama kapena makontena.

Inu, mmene ndamvera, muli m'gulu langa: odziimira pawokha, olipidwa pa phwando lililonse. Gulu limeneli ndi limene lingapeze zambiri kuposa onse, ndiponso ndi limene limaberedwa kwambiri, chifukwa palibe lamulo limene limatiikira poyambira. Awiri angatsogolere maphwando ofanana tsiku limodzi, wina n'kulandira kuwirikiza kakhumi za mnzake. Ndinazionapo ndi maso anga, ndipo wolandira zochepayo sanali wochepa luso.

Pali nkhani ya zovala imene imandipweteka m'malo mwa inu amayi. Ine ndikhoza kuvala suti imodzi maphwando asanu, kungosintha tayi, palibe angazindikire. Anzanga achizimayi amene timagwira nawo ntchitoyi amandiuza kuti zithunzi zikangolowa pa Facebook kapena pa Instagram, diresi lomwelo sangabwerenso nalo sabata yotsatira. Onjezani tsitsi, zodzola, nsapato zoti muime nazo maola asanu ndi atatu, ndi galimoto yoti ikubwezeni kunyumba mosatekeseka pakati pa usiku. Zonsezi zimachoka m'malipiro omwewo. Ngati simunaziwerengere potchula mtengo, ndiye kuti mwalipira nokha kuti mukagwire ntchito.

Maola amene saoneka

Cholakwa chachikulu chimene ndinkachita n'kuwerenga maola amene ndagwira maikolofoni okha. Tiyeni tiwerenge pamodzi phwando la maola 5. Kukumana ndi eni ake ndi kuyankha mafoni awo, maola 3. Kulemba pulogalamu ndi kuloweza mayina, maola 2. Ulendo wopita ndi wobwerera, 2. Kufika msanga kuti muyese zida ndi kugwirizana ndi DJ ndi operekera zakudya, 2. Kudikira kumapeto, 1. Onse pamodzi ndi maola 15. Ndalama imene munkaona ngati yabwino mukaigawa ndi 5, igaweni ndi 15, muona kuti pa ola mukulandira gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mumaganiza. Apa sitinawerengere tsiku lotsatira limene mawu amakhala atasasa.

Ndiye pali kalendala. Maphwando ambiri amagwa Loweruka, ndipo chaka chili ndi masabata 52 basi. Simungatsogolere maukwati awiri nthawi imodzi. Loweruka limene mwapereka kwa munthu mmodzi mwawakaniza ena onse, choncho tsiku limenelo liyenera kudula kuposa Lachitatu. Nyengo ya zikondwerero za kumapeto kwa chaka mafoni amalira osaleka, kenako pamabwera miyezi imene foni imangoti zii. Mtengo wa miyezi yotanganidwa uyenera kukudyetsani m'miyezi ya ziiyo.

Zina zimene zimasuntha mtengo

Mtundu wa phwando ndi amene akulipira. Makampani amalipira bwino kuposa mabanja chifukwa amakhala ndi bajeti yolembedwa, koma ambiri amafuna invoice, chikalata choitanitsira malipiro, ndipo ndalama imatuluka patapita masiku 30 kapena kuposerapo, ndiye musaidalire kuti mulipire lendi ya mawa. Kuchuluka kwa alendo nakonso n'kofunika, kugwira anthu 40 si kugwira anthu 400. Ana ndi nkhani ina, amatopetsa thupi kuposa akuluakulu, ndipo udindo woonetsetsa kuti palibe wavulala umagwera inu ngakhale makolo ali pompo. Mukamatha kutsogolera m'zinenero ziwiri, kwezani, chifukwa mukugwiranso ntchito ya womasulira. Mukabwera ndi maikolofoni ndi sipika zanu, zimenezo zili ndi mtengo wake wapadera. Ntchito ikabwera kudzera mwa wokonza maphwando kapena ejenti, iye amadulapo gawo lake, ndiye funsani kuti kasitomala walipira zingati ndipo inu zikufikani zingati. Pamwamba pa zonsezi pali dzina. Munthu wodziwika pa wailesi kapena pa TV amalipiritsa nkhope yake, osati maola.

Za dzinali ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi limene amatinyengerera nalo. "Kudzabwera anthu akuluakulu, mudzadziwika." Ndinamva mawu amenewa kosawerengeka. Zoona, ntchito zanga zambiri zinachokera kwa alendo amene anandiona paphwando lina. Koma amenewo amayamba afunsa mwini phwando kuti, "Munamulipira zingati?" Akamva kuti munagwira ulere, nawonso amabwera akuyembekezera ulere. Mtengo wanu woyamba umakutsatani ngati chithunzithunzi. Zinanditengera pafupifupi zaka ziwiri kuti ndichoke pa mtengo umene ndinadziikira ndekha chifukwa cha mantha, ndipo makasitomala ena anandisiya nditakweza. Ndinadandaula sabata imodzi, kenako ndinaona kuti ndikugwira maphwando ochepa koma pakhomo zinthu zikuyenda bwino kuposa kale.

Achibale ndi abwenzi apamtima ndimawatsogolerabe ulere nthawi zina, koma ndimasankha ndine, ndipo ndimanena poyera kuti, "Mtengo wanga ndi wakuti, koma iyi ndi mphatso yanga kwa inu." Akadziwa kukula kwa mphatsoyo amaisamala, amasunga nthawi, ndipo sakutumani kukanyamula mipando.

Samalaninso mawu anu, achemwali, ndiwo khasu lanu. Imwani madzi, kanani kukuwa pamene maikolofoni yafa, auzeni akonze kaye. Ine ndinaphunzira mochedwa, ndipo mpaka pano ndikatsogolera masiku awiri otsatizana kukhosi kumandiwotcha.

Tsopano yankho lenileni. Chiwerengero chimodzi chokwanira aliyense kulibe, chifukwa chimasintha ndi dera ndi ndalama za kumeneko, koma njira yochipezera ilipo. Sankhani ndalama imene mukufuna pa ola, isatsike kufika pa malipiro otsikitsitsa a kumene muli, muichulukitse ndi maola onse, ooneka ndi osaoneka, kenako onjezani ulendo, zovala ndi zida. Funsani a MC atatu a m'dera lanu, komanso DJ ndi wojambula, kuti amalipiritsa zingati, muone pamene mwaima. Tengani theka ngati dipoziti tsikulo musanalisunge, lotsalalo lilowe musanagwire maikolofoni, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Lembani zonse, ngakhale pa WhatsApp: tsiku, ola loyambira, ola lomalizira, mtengo wa ola lililonse lowonjezera, ndi kuti phwando likalephereka dipoziti sibwerera.

Za manyazi aja, chimene chinandithandiza ine n'kusatchula mtengo pamaso. Ndimati, "Ndikutumizirani uthenga madzulo ano," ndipo ndimaulemba ndili ndekha, mtima uli m'malo. Ndikatumiza sindipepesa, sindifotokoza zambiri, ndimangodikira. Mukadzatumiza uthenga wanu woyamba wotere, mudzandilemberenso, ndikufuna kumva kuti anayankha chiyani.