Madzi akasefukira ku Kanyama, kodi ma drone ndi magalimoto amagetsi angatithandize?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Akuti mvula ikafika pachimake madzi amalowa m'nyumba mpaka m'mawondo, koma thandizo limachedwa chifukwa othandiza sadziwa kumene kwavutitsitsa. Akufunsa ngati ma drone (tindege touluka popanda munthu m'kati) ndi magalimoto amagetsi angagwire ntchito yoyang'anira malo otere.

Mayi, za ma drone ndikuvomera ndi mtima wonse. Kwanuko malo ndi athyathyathya, pansi pali thanthwe la laimu ndipo madzi apansi ali pafupi, n'chifukwa chake a mvula amangoima osapita kulikonse. Zimbudzi zokumba zikasefukira, uve umalowa m'zitsime zosaya. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala. Munthu woyenda pansi atavala majombo amaona kanjira kamodzi. Drone ikakwera imajambula komboni yonse, n'kuonetsa ngalande yotsekeka ndi zinyalala, nyumba zozingidwa ndi madzi, ndi msewu umene ambulansi ingadutse.

Ndinaimapo pafupi ndi mnyamata wina akuulutsa yake ku komboni ya Misisi. Pa kasikirini kake tinaona mlatho waung'ono utatsekeka ndi mabotolo apulasitiki, madzi akubwerera m'nyumba za anthu. Anthu oyandikana nawo ankaganiza kuti vuto ndi kuchuluka kwa mvula basi.

Anzathu a ku Malawi anatitsogolera. Mu 2017 boma lawo ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe.

Komatu drone siuluka mvula yamphamvu ikugwa kapena chimphepo chikuwomba, ndipo batire ya zing'onozing'onozi imatha pakangodutsa mphindi pafupifupi 30. Woulutsa amafunikanso chilolezo cha Zambia Civil Aviation Authority.

Apa m'pamene galimoto yamagetsi ikulowera. M'madzi ofika m'chiuno singadutse, monganso ya dizilo. Phindu lake ndi batire yaikulu imene imanyamula. Zina zili ndi soketi yotulutsa magetsi, ndiye ikaima pouma pafupi ndi malo angozi, ingatchaje mabatire a drone, mafoni ndi laputopu tsiku lonse. Chondidetsa nkhawa n'chakuti galimotoyo nayo iyenera kutchajidwa. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku damu lopangira magetsi la Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lathunthu. Popanda ma sola akeake potchajira, galimoto yotere ingatigwiritse mwala nthawi imene tikuifunitsitsa.

Chimene ndikupempha inu ndi anzanu ndi ichi: pitani kwa khansala wanu mvula isanayambe, mufunse ngati a DMMU, ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, angajambule ngalande za m'dera lanu mu Okutobala kukadali kouma, ndipo zithunzizo zifike kwa anthu amene adzagwire mafosholo kukatsegula.