Waya wa soketi ya mapini 7 sungayendetse firiji ya mu kalavani

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali amene wagula kalavani yakale (kanyumba kokokedwa ndi galimoto), ndipo akufunsa ngati angathe kutchaja batire la kalavaniyo ndi kuyendetsa firiji yake kudzera pa soketi ya mapini 7 imene ili kale kumbuyo kwa Hilux yake. Bambo, imelo yanuyo inandisowetsa tulo, chifukwa funso lomweli ndinamufunsa wamagetsi wina muno mu Zomba zaka zingapo zapitazo, ndipo yankho limene anandipatsa linatsala pang'ono kutentha galimoto yathu ana ali momwemo.

Kalavani yathu tinaigula kwa banja lina la aphunzitsi limene linkabwerera kwawo kunja. Inali ndi firiji yamtundu wakale imene imayenda m'njira zitatu, pa magetsi a m'nyumba a 230V, pa gasi, ndiponso pa 12V ya galimoto. Ulendo wathu woyamba unali wa ku Mangochi m'mwezi wa Okutobala, ndipo kutatsala masiku awiri ndinapita ndi galimoto kwa wamagetsi uja. Iye anati ntchitoyo njosavuta, natenga waya wochepa thupi, naulumikiza pa batire la galimoto, naudutsitsa pansi mpaka pa pini imodzi ya soketi imene inkaoneka yopanda ntchito. Sanaikepo fyuzi, sanaikeponso relay (kaswitchi kamene kamalumikiza ndi kudula moto pakokha), ndipo pamene anayeza ndi kababu kake n'kuona kuti kayaka, tonse tinakhutira.

Tinadutsa Domasi, Malosa ndi Liwonde bwinobwino, koma titafika kunyanja madzulo tinapeza mkaka wa mwana wamng'ono utafunda ndipo nyama itayamba kusungunuka. Ndinaganiza kuti vuto ndi kutentha kwa ku Mangochi basi. Tinagona pulagi ili chilumikizire, ndipo m'mawa mwake galimoto inakana kulira. Firiji yamtundu umenewu ikakhala pa 12V imatenthetsa kachitsulo kake mosalekeza, imakoka ma amp 10 mpaka 12 kapena kuposerapo, ndipo zambiri zakale zilibe chozimitsira chokha pa 12V. Kwa maola 10 a usiku inali itakama mabatire onse awiri. Asodzi ena anatithandiza kupeza galimoto ina yotikwapulira moto.

Zoopsa zenizeni zinachitika pobwerera. Titayandikira Malosa, mayi a kunyumba anamva fungo la pulasitiki wopserera, ndipo nditaima ndinaona utsi ukutuluka pansi pa galimoto. Waya uja unkakhuzana ndi chitsulo cha chasisi pafupi ndi chokokera, chikopa chake chinatha, ndipo mkuwa utakhudza chitsulo moto wonse wa batire unathamangira pamenepo. Popeza panalibe fyuzi yoti iduke, waya wonse kuyambira ku boneti mpaka kumbuyo unafiira ngati khala, ndipo unkadutsa kufupi ndi paipi ya mafuta. Ndinatulutsa ana, ndinamasula mutu wa batire ndi sipanala manja akunjenjemera, ndipo chipsera cha tsikulo chikadali pa chala changa.

Nditafika kunyumba ndinagula mita yoyezera magetsi ndi kuyamba kuphunzira, ndipo chimene ndinapeza ndi masamu osavuta amene wamagetsi aliyense anayenera kuwadziwa. Waya uliwonse umadya gawo la mphamvu imene ikudutsamo, ndipo umadya kwambiri ukakhala wautali, wochepa thupi, kapena ukanyamula katundu wolemera. Kuchokera pa batire la Hilux ku boneti mpaka pa batire la kalavani pali mamita pafupifupi 10, ndipo popeza magetsi amapita n'kubwerera, tiwerengere mamita 20. Waya wa mkuwa wa 2.5mm² wa utali umenewu, ukanyamula ma amp 12 a firiji, umataya pafupifupi 1.7V panjira. Tsono ngati alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira, ikupereka 14.2V, ku kalavani kukufika 12.5V yokha, osawerengera zimene zikutayikira pa mapini a dzimbiri. Batire la asidi lodzadza limakhala pa 12.6V kapena 12.7V likapuma, ndipo kuti litchajike bwino limafuna 14V kapena kuposerapo. Ndiye kuti pa ulendo wathu wonse batire la kalavani silinkalandira kanthu, koma linkathandiza nawo kudyetsa firiji. Waya wa 16mm² wa utali womwewo, pa katundu yemweyo, umataya pafupifupi 0.3V basi. Kababu koyezera kaja sikangaonetse zimenezi, chifukwa kamakoka moto wochepa kwambiri ndipo kamayaka ngakhale pa waya wonga ulusi.

Soketi ya mapini 7 inapangidwira magetsi a pamsewu, ndiwo ma indiketa, mabuleki ndi nyali zakumbuyo, pamodzi ndi pini imodzi ya earth imene magetsi onsewo amabwererapo. Mukaikweza firiji pa pini yotsalayo, ndiye kuti earth yaing'ono ija yasenza katundu amene sinapangidwire, ndipo mudzaona nyali zakumbuyo zikuchita chizimezime kapena kuthwanima pamodzi ndi indiketa. Ndi chifukwa chake makalavani akale a ku Britain ankakhala ndi soketi yachiwiri yotchedwa 12S, ndipo a ku Ulaya amakono ali ndi soketi ya mapini 13, momwe pini 9 imapereka moto nthawi zonse, pini 10 imapereka moto wa firiji injini ikamalira, ndipo mapini 11 ndi 13 ndi njira zawo zobwererapo. Ngakhale imeneyo mawaya ake kawirikawiri ndi a 2.5mm², okwanira kusunga firiji pa galimoto yaifupi koma osakwanira kudzadza batire limene laphwa.

Pa nkhani ya fyuzi sindimvanso za munthu. Ndamvapo amisiri akunena kuti fyuzi imavutitsa chifukwa imaduka pafupipafupi, ndipo ndaona ndi maso anga kawaya kokulungidwa pamalo pa fyuzi yoduka. Fyuzi ikaduka ndiye kuti yagwira ntchito yake, ndipo chofunika ndi kufufuza chimene chaidula. Ntchito yake yaikulu ndi kuteteza waya kuti usasanduke moto, choncho malo ake ndi pafupi penipeni ndi mutu wa batire, masentimita 20 kapena kucheperapo, pakuti gawo lililonse la waya limene lili pakati pa batire ndi fyuzi ndi losatetezedwa. Batire la kalavani nalonso ndi gwero la moto, ndipo likufunika fyuzi yakeyake. Wamagetsi amene angakuuzeni kuti zimenezi n'zosafunika, mulipireni nthawi imene wataya ndipo muchotsepo galimoto yanu. Misewu yathu si yonyengerera waya, ndipo amene wayendapo njira ya ku Kachulu kapena ya ku Chingwe's Hole akudziwa mmene chilichonse cha pansi pa galimoto chimagwedezekera.

Pali vuto linanso la mawaya amene akugulitsidwa masiku ano. Ambiri amaoneka onenepa koma kunenepako ndi kwa pulasitiki, ndipo ena mkati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba pokha. Waya wotere umataya mphamvu yochuluka kuposa wa mkuwa weniweni ndipo umathothoka pa mfundo chinyezi chikalowa, chinthu chosapeweka muno mu Zomba nyengo ya dzinja. Pogula, palani timawaya tamkati ndi mpeni, ndipo mukaona kuyera pansi pa kufiira, usiyeni. Ine ndinapeza wabwino kwa ogulitsa mawaya a makina owotcherera zitsulo, umene ndi wofewa komanso wa chikopa cholimba.

Za alternator za magalimoto atsopano

Hilux yanu simunanene kuti ndi ya chaka chanji, ndipo zimenezi zili ndi kanthu. Galimoto zakale zimapereka 13.8V mpaka 14.4V nthawi yonse imene injini ikulira, ndipo pa zoterezi relay yomva mphamvu, imene imalumikiza mabatire pa 13.3V n'kuwalekanitsa pa 12.8V kapena chapomwepo, imagwira bwino ntchito. Galimoto zambiri zatsopano, kuphatikizapo zina zimene tikuitanitsa ku Japan, zili ndi alternator yolamulidwa ndi kompyuta, imene imatsitsa mphamvu mpaka cha pa 12.5V ikaona kuti batire la galimoto ladzadza, pofuna kupulumutsa mafuta. Pa galimoto yotere relay ija imangotseka ndi kutsegula, ndipo batire la kalavani silidzadza ngakhale mutayenda kuchokera ku Zomba mpaka ku Karonga. Chimene chimathetsa vutoli ndi tchaja ya DC-DC, kabokosi kamene kamalandira mphamvu yotsika n'kuikweza kufika pa mlingo umene batire likufuna. Ngati mudzagule batire la lithium, tchaja imeneyi ndi yosapeweka, chifukwa batire lotere limakoka moto wambiri mwakuti lingathe kutenthetsa alternator ndi mawaya. Kuti mudziwe mtundu wa galimoto yanu, ikani mita pa batire ndipo muyende mphindi 20 wina akuyang'ana manambala.

Ndiyeneranso kunena kuti firiji yanjira zitatuyo ine ndinaichotsa patapita chaka. Pa gasi imazizira bwino ndipo siichita phokoso, koma imafuna kuti kalavani iime mowongoka, ndipo pa phiri la Zomba, kufupi ndi damu la Mulunguzi kumene timakonda kugona, malo athyathyathya ndi osowa. Kumalo otentha ngati ku Liwonde imafookanso. Ya kompuresa imene ndinaikamo imakoka ma amp 3 mpaka 5 ikamalira ndipo imapumira, kotero batire la 100Ah limatha kuisunga usiku ndi usana wake popanda kutsika kupitirira theka, malire amene batire la asidi siliyenera kudutsa ngati mukufuna likhalitse. Ngati mukhalabe ndi yakaleyo, muziiziziritsa usiku wonse pa magetsi a m'nyumba musananyamuke, chifukwa 12V imangosunga kuzizira kumene kulipo kale, ndipo gasi azikhala wotseka nthawi yonse imene muli pamsewu, makamaka pothira mafuta.

Tsono yankho lanu, bambo, ndi lakuti ayi, soketi ya mapini 7 muisiyire nyali. Kokani mawaya awiri a mkuwa a 16mm², wofiira ndi wakuda, kuchokera pa batire la galimoto mpaka kumbuyo, ndipo musadalire mpira wa chokokera kuti ukhale earth. Pa wofiira ikani fyuzi ya 50A pafupi ndi batire, kenako relay yolimba imene imalumikiza moto pokhapokha kiyi akayatsidwa, kuti injini ikazima firiji isakame batire loliza galimoto. Mawayawo adutse m'paipi ya pulasitiki, amangidwe kutali ndi ekizozi ndi mapaipi a mafuta, ndipo pamene akubowola chitsulo paikidwe labala. Kumbuyo ikani pulagi ya Anderson ya 50A, imene ndi pulagi yolimba yolumikizira mawaya awiri aakulu, ndipo m'kalavani ikani tchaja ya DC-DC ya 20A pafupi ndi batire, pamodzi ndi fyuzi ya batirelo. Firiji yanjira zitatu ilandire moto pa waya wochokera ku galimoto tchaja isanafike, ndi fyuzi yakeyake ya 20A, osati pa batire la kalavani. Ntchito ikatha, lizani injini, yatsani firiji, ndipo muyeze ndi mita pa pulagi ya Anderson, kenako pa mitu ya batire la kalavani. Mundilemberenso manambala awiriwo pamodzi ndi chaka cha Hilux yanu musananyamuke ulendo wakutali.